Namwali wa Amalume

1. Zimene Makutu anamva

Pa nyumba ya amalume ake, mtsikanayo ankamutcha Makutu. Dzinali silinabwere chifukwa cha kukula kwa makutu, ayi. Makutu ake anali aang'ono bwinobwino, kungoti ankalimbikira ntchito kuposa mwini wake. Munthu akanong'ona kuchipinda, iye ali kukhitchini, ankamva zonse. Koma akamuitana kuti adzatsuke mbale, apo ndiye ankagontha.

Makutu ankakhala ndi amalume ake ndi akazi awo, amene iye ankawatcha azakhali, chifukwa sekondale imene ankaphunzira inali pafupi ndi nyumba yawo. Amalumewo ankakonza mafiriji. Anali munthu wa mawu ochepa. Ukawafunsa kuti ntchito yayenda bwanji ankangoti, "Bwino," nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma anali ndi matenda amodzi, matenda a nyenyezi. Anali ndi telesikopu, chimpaipi choyera choonera zinthu za kumwamba, ndi kamera imene ankaimangirira kumapeto kwake. Kale ankajambulira kuseri kwa nyumba. Kenaka kutsidya kwa msewu kunamangidwa malo omwetsera mafuta, ndipo magetsi ake ankawala usiku wonse. Kuyambira pamenepo, mwezi ukakhala kuti sukuwala, amalume ankapakira zida zawo m'galimoto n'kupita kunja kwa tauni. Ankabwerako m'mawa, maso ali psuu.

Loweruka lina m'mawa, Makutu akuyanika zovala, anamva amalume akulankhula pa foni kuseri kwa galaja.

"Achimwene, dzulo Namwali anandidikiritsa," amalume anatero motsitsa mawu. "Koma atangotulukira, eee, ndinaiwala n'kuzizira komwe. Ndakhala naye mpaka kucha. Ayi, kunyumba kuno sindinanenepo kanthu."

Pegi inagwa m'manja mwa Makutu. Mtima wake unagunda, koma tinene zoona, kunali kugunda kwa munthu amene watola nkhani yonona.

Galimoto ya amalume itangotuluka pa geti kupita ku ntchito, Makutu anasiya zovala m'beseni n'kuthamangira m'nyumba. Sanaganize kawiri. Anawapeza azakhali akusita, ndipo anawauza mawu onse, osasiyako ngakhale amodzi.

Azakhali anaimika simbi. Kenaka anatenga foni n'kuimbira akulu awo.

2. Chikwama chakuda

Akulu awo a azakhali anali ndi saluni pa msika, choncho aliyense ankawatcha Mayi a Saluni. Anafika ali wefuwefu, chipeso chili chizikire m'tsitsi.

"Ndinkadziwa ine!" anatero asanakhale n'komwe pansi. "Chikwama chake chili kuti?"

Chikwama chakuda cha zida chinali pansi pa tebulo m'kachipinda kosungira katundu. Mayi a Saluni anachikhuthulira pa mpando. Munatuluka zingwe, mabatire, magolovesi ndi tochi. Atayatsa tochiyo, inawala mofiira.

"Mwaona? Tochi yofiira! Munthu woyenda chilungamo amayenda ndi tochi yofiira?"

Pansi penipeni panali kamalaya koyera ka chizimayi, kopindidwa bwino. Mayi a Saluni anakanyamula ndi zala ziwiri ngati anyamula khoswe wakufa.

"Ndipo ndi wowonda," anatero. "Taonani chiuno chake."

Azakhali sanafune n'kukayang'ana komwe. Anakhala pa mpando n'kugwira tsaya. Apa Mayi a Saluni anatembenukira kwa Makutu, n'kumukhazika pansi.

"Mwana iwe, wachita bwino, ndipo undimvetsere chifukwa mawa lino ukhala mzimayi. Ine pa saluni panga pamakhala akazi tsiku lonse. Mutu ukakhala m'manja mwanga, pakamwa pamatseguka pokha. Palibe bodza la mwamuna limene sindinalimve. Wina amati maliro a mnzake wa ku ntchito. Wina amati galimoto inafera m'njira. Wina amati mapemphero a usiku, koma akabwera mawu ali bwinobwino, osasasa ngakhale pang'ono. Uyu wasankha nyenyezi, poti nyenyezi sungaziimbire foni kuti uzifunse. Uziopa mwamuna wofatsa, mwananga. Wolongolola umamugwira ndi pakamwa pake pomwe, koma wofatsa umadzidzimuka ana atakula kale kwinako. Ndipo ukamva kanthu usamati ndifunse kaye. Ukafunsa wamupatsa nthawi yokonza bodza. Wamva?"

"Ndamva," anatero Makutu. Anamva kukoma kuti munthu wamkulu akumuyamikira.

3. Zithunzi zakuda

"Tsopano laputopu," anatero Mayi a Saluni. "Iwe ndi amene umadziwa zimenezi. Tsegula."

Amalume ankamulola Makutu kulembera ntchito za kusukulu pa laputopuyo, choncho kuitsegula sikunavute. Anafufuza pamene pankakhala zithunzi, ndipo anapeza foda ina pomwepo, dzina lake lili poyera: Namwali.

Azakhali anaimirira n'kubwera pafupi.

Makutu anatsegula chithunzi choyamba. Chinali chakuda bii, chokhala ndi timadontho toyera apo ndi apo. Chachiwiri chimodzimodzi. Anapitiriza kudina, koma zonse zinali zofanana. Munalibe nkhope, munalibe mwendo, munalibe chilichonse.

"Wazibisa," anatero Mayi a Saluni. "Anthu a zamagetsi ndi ochenjera. Tsegula kafoda ako kalembedwa kuti Mdima."

M'menemo zithunzi zinali zakuda kuposa zoyamba zija. Makutu atakulitsa chimodzi, panaoneka timadontho tofiira ndi tobiriwira.

"Ehe! Magetsi a pa malo ogona alendo amenewo. Ndimawadziwa ine, amathwanima choncho."

Makutu anayang'anitsitsa. Poyamba ankangoona timadontho. Koma Mayi a Saluni atatchula magetsi, nayenso anayamba kuona ngati khonde, ngati denga, mwinanso ngati munthu waima pa khomo. Anabwerera m'mbuyo kuti atseke fodayo, ndipo m'pamene maso ake anagwera pa mafoda ena amene anali pafupi ndi la Namwali. Lina linalembedwa kuti Mkango. Lina Chinkhanira. Lina Mlenje.

Anatsegula la Mkango. Zithunzi zakuda zokhazokha, ndi kafoda ka Mdima momwemo.

"Azakhali," anatero Makutu pang'onopang'ono, "ngati Namwali ndi chibwenzi, ndiye kuti amalume ali pa chibwenzinso ndi mkango?"

"Usatisokoneze iwe," anatero Mayi a Saluni. "Enawo ndi ophimbira. Tsopano uchite zinthu ziwiri. Ufufute zonsezo, aone kuwawa kwake. Ukatero ulankhule mu foni yangayi zonse unamva zija, nditumize kwa alongo athu. Abwere adzatenge mlongo wawo lero lomwe."

Anamuikira foni pakamwa, kabatani kofiira kakuthwanima. Makutu anayang'ana foniyo, n'kuyang'ana azakhali, amene misozi inali italengeza m'maso. Kukoma kuja kunali kutatha. Tsopano ankachita mantha.

"Pepani amayi, sindifufuta," anatero. "Ndiponso sindilankhula. Mawuwo ndinamvadi, koma sindikudziwa tanthauzo lake. Ndiwafunse kaye amalume."

"Ndangokuuza chiyani za kufunsa?"

"Ndamva, amayi. Koma ndiwafunsabe."

Mayi a Saluni anaomba m'manja kamodzi. "Ana a masiku ano! Wayatsa moto wekha, pano ukuopa utsi?" Anatola chikwama chawo n'kunena kuti makasitomala akuwadikira. Makutu anawaona pa zenera akutuluka pa geti, foni ili kukhutu, dzanja linalo likulankhula nawo.

Azakhali analowa kuchipinda. Posakhalitsa Makutu anamva zipi ya sutikesi ikutseguka.

4. Funso

Amalume anabwera dzuwa litapendeka, ovolosi ili ndi mafuta m'mawondo. Makutu anawachingamira pa khomo.

"Amalume, Namwali ndi ndani?"

Amalume anamuyang'ana modabwa, kenaka anaphulika kuseka. Anaseka mpaka kutsamira chitseko. Koma atalowa pa balaza n'kuona zida zawo zili mbwee pa mpando, sutikesi ili pakati pa nyumba, azakhali atakhala pambali pake atavala nsapato, kuseka kuja kunazima.

"Ndine ndinawauza," anatero Makutu. "Ndinamva mukulankhula pa foni."

Amalume sanakalipe. Anasamba m'manja, anaika laputopu pa tebulo, n'kukoka mipando itatu. Azakhali sanasunthe pamene anali.

"Nyenyezi zili m'magulu, ndipo magulu ali ndi mayina," amalume anayamba. "M'mabuku mayinawo ndi achilendo, olumitsa lilime. Ndiye ine ndi mnzanga wa pa foni uja, wa ku famu, kumene ndimakajambulira, tinangowatembenuza. Kuli Mkango, kuli Chinkhanira, kuli Namwali. Kuseri kwa nyenyezi za Namwali, kutali kwambiri, kuli milalang'amba. Mlalang'amba umodzi ndi mudzi wa nyenyezi zosawerengeka, koma uli kutali moti ndi maso sungauone."

"Nanga bwanji zithunzizo n'zakuda?" anafunsa Makutu.

"Chifukwa kuwala kwake kumafika kochepa kwambiri. Ndimatsegula kamera kwa mphindi zingapo, telesikopu ikutsatira nyenyezi pang'onopang'ono, koma chimene chimalowa n'kadontho chabe. Ndiye ndimajambula malo omwewo mobwerezabwereza usiku wonse. Kenaka pulogalamu iyi imasanjikiza zithunzi zonse pamodzi. Chimene chilipodi chimapezeka pa chithunzi chilichonse, ndiye chimakula. Chimene chinangobwera mwangozi chimazimirira."

Anasankha zithunzi zonse n'kudina. Laputopu inayamba kulira ngati firiji yakale.

"Nanga magetsi a pa malo ogona alendo aja?" Funsoli linachokera kwa azakhali. Mawu awo anali ouma.

"Magetsi ati?"

Makutu anawatsegulira chithunzi cha timadontho tofiira ndi tobiriwira. Amalume anapukusa mutu.

"Ichi ndinajambula telesikopu ili yotseka ndi chivundikiro. Palibe kuwala kumene kunalowa. Timadonthoti ndi ta kamera yomweyi. Ikatentha imapanga nyenyezi zakezake zabodza. Ndiye ndimazijambula dala kuti pulogalamu izidziwe, izichotse pa zithunzi zenizeni. Tochi yofiirayo ndi yoti ndiziona zingwe popanda kuthobwa m'maso."

Apa amalume anatembenuza mpando n'kuyang'anizana ndi Makutu.

"Mphwanga, sindikukalipira. Wachita bwino kundifunsa, ngakhale wafunsa madzulo funso loyenera kufunsa m'mawa. Koma tamvera. Pamene ndinkayamba zimenezi, ndinajambula chithunzi chimodzi chokha n'kuchiwalitsa mpaka mapeto. Ndinaona kanthu kozungulira. Ndinasangalala, ndinaimbira mnzanga kuti ndapeza mlalang'amba umene suli m'buku lililonse. Atabwera anangoyang'ana kamodzi n'kundiuza kuti ndi fumbi la pa galasi. Chithunzi chakuda ukachikakamiza chimakupatsa chilichonse chimene ukufuna. Ukafuna khonde uona khonde. Ukafuna munthu uona munthu. Iwe unamva mawu anga a mphindi imodzi, mbali imodzi ya foni, n'kuwathamangitsa. Makutu uli nawo abwino, ndipo sindikuti uwatseke. Tsiku lina udzamva chinthu choopsadi, ndipo udzayenera kunena msanga kwa munthu wamkulu. Koma uzisiyanitsa chimene wamva ndi chimene wawonjezera. Uzidzifunsa kuti, mwa zimene ndikuonazi, ndi ziti zachokera kunja, ndi ziti zachokera mwa ine ndemwe chifukwa ndatenthedwa? Ndipo wina akakuuza kuti usafunse, uzimuyang'ana bwino munthu ameneyo."

Makutu anaweramitsa mutu. Manyazi anamugwira mpaka kumapazi.

"Zonsezo ndamva," anatero azakhali. Ananyamula kamalaya koyera kaja n'kukaponya pa tebulo. "Nanga aka? Nakonso ndi ka mlalang'amba?"

"Aka ndimakuta nako kukamwa kwa telesikopu kukamacha, n'kujambula kumwamba. Kamathandiza kuonetsa pamene pali fumbi, kuti lisadzandinamizenso." Amalume anazengereza pang'ono. "Ndinakatola m'thumba la nsanza. Taonani kolala yake."

Azakhali anakatembenuza. Pa kolala panali posokedwa ndi ulusi wabuluu, msoko wokhota. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinasoka ndine," anatero motsitsa. "Ndinkavala tisanakwatirane."

"Mayi a Saluni anati mwini wake ndi wowonda," anatero Makutu, mawu atangomupulumuka.

"Iwe, khala chete," anatero azakhali. Koma pakamwa pawo panagwedera pang'ono.

5. Kautsi

Laputopu inasiya kulira. Pa sikirini panabwera chithunzi chimodzi, ndipo nachonso chinali chakuda.

"Basi?" anafunsa Makutu mokhumudwa.

"Dikira. Ika chala apa, ukoke kamzereka pang'onopang'ono. Usathamange."

Makutu anakoka. Mdima unayamba kutuwa. Nyenyezi zinachuluka. Kenaka pakati panatulukira kanthu kotuwa, kozungulira, kokhala ndi mikono yopindika ngati madzi akamalowa m'sinki. Chapambali panali kena kakang'ono, ndi kenanso kopyapyala ngati njere ya mpunga.

"Ima pomwepo," anatero amalume. "Ukapitirira uyamba kuona zabodza. Kuwala ukukuonaku kunanyamuka zaka mamiliyoni ambirimbiri zapitazo. Kwafika dzulo, n'kugwera mu chimpaipi changachi."

Makutu anangoti kukamwa yasa. Anali asanaonepo chinthu chokongola chotero, ndipo anazizidwa pokumbukira kuti masana omwewo chala chake chikanatha kuchifufuta.

Azakhali anabwera n'kuima kumbuyo kwawo. Anayang'ana kwa nthawi.

"Ndiye mkazi mnzanga ndi ameneyu?" anatero. "Kautsi aka?"

"Ndi ameneyu, mayi."

"Musaseke, bambo. Ine sizikundiseketsa." Azakhali analoza Makutu. "Mwanayu walakwa, inde. Akulu anga alakwa. Inenso ndalakwa. Koma mudzifunse chifukwa chimene ndakhulupirira msanga chonchi. Mumatha kukhala usiku wonse pa mphepo kudikira kuwala kochokera kutali. Ine ndili m'nyumba momwemuno, koma ndikakufunsani kanthu mumangoti bwino. Mnzanu wa ku famu amalidziwa dzina la Namwali. Ine ndalimvera kwa mwana."

Amalume anayang'ana pansi. "Nditakuonetsani chithunzi changa choyamba munaseka. Munati sikirini yada, ndiipukute."

"Ndinaseka kamodzi, bambo. Kamodzi kokha. Ndiye mpaka lero?"

Amalume anangokoka mpando wachitatu uja n'kuusendeza pafupi ndi wawo. Azakhali anauyang'ana, anavula nsapato imodzi, kenaka inayo, n'kukhala.

"Kakang'ono ako ndi chiyani?" anafunsa, akuloza pa sikirini.

Amalume asanayankhe, kunja kunalira hutala. Inaliranso, motalika. Makutu anathamangira pa zenera n'kusuzumira.

Pa geti panaima lole yaing'ono, kumbuyo kwake kuli zingwe zomangira katundu. Alongo awo a azakhali anali akutsika, nkhope zili gwa. Mayi a Saluni anali patsogolo, ndipo anthu oyandikana nawo nyumba anali atayamba kale kutuluka m'mipanda mwawo.

"Tsegulani!" anakuwa mlongo wamkulu, akumenya geti. "Ali kuti mwana amene anamva uja? Abwere adzanene pamaso pa tonse!"

Amalume anadzuka, koma Makutu anali atafika kale pa tebulo. Anazula chingwe cha laputopu, anainyamula ndi manja awiri ili chitsegukire, kautsi kaja kakuwala pa sikirini.

"Ndinayambitsa ndine," anatero. "Azakhali, tanditsegulirani chitseko."